King's Cross: Siteshoni ya Pansi pa Nthaka

Anzanga acinyamata, kodi mudziwa kuti mu mzinda wa London muli masitima oyenda pansi pa nthaka monga mfuko? Njanji yoyamba yotere pa dziko lonse inatsegulidwa pa 10 January 1863, kucokera ku Paddington kufika ku Farringdon, ndipo King's Cross inali imodzi mwa masiteshoni ake. Masitima a nthawi imeneyo anali a malasha. Tangoganizani utsi wake m'ngalande yotsekeka!

Siteshoni imeneyi sinamangidwe tsiku limodzi. Makampani ena anakumba njanji zao pansi penipeni: ya Piccadilly inafika mu 1906, imene lero ichedwa Northern mu 1907, ndipo ya Victoria mu 1968. Lero njanji 6 zikumana pamenepo, ndipo munthu atsika sitima iyi ndi kukwera ina osaona dzuwa. Koma kulumikiza zakale ndi zatsopano kunasiya tinjira tokhotakhota ndi masitepe oyenda okha opangidwa ndi matabwa.

Madzulo a pa 18 November 1987, wina anataya kamtengo ka macisa koyaka pa masitepe ocokera ku Piccadilly. Kusuta kunali koletsedwa kale, koma anthu anali kuyatsabe fodya potuluka. Kamtengoko kanagwera pansi pa masitepe, pamene girizi ndi zinyalala zinaunjikana osacotsedwa. Poyamba moto unaoneka waung'ono. Patapita mphindi pafupifupi 15, malawi anakwera motsatira masitepe ndi kubuka m'holo yogulitsiramo matikiti. Anthu 31 anafa, kuphatikizapo mkulu wina wa ozimitsa moto.

Cimene cimvetsa cisoni kwambiri cinaululika mu lipoti la Desmond Fennell mu 1988. Timoto totere tinali kubuka kawirikawiri, ndipo akuluakulu a njanji anatizolowera, mwakuti anali kungoti ndi kufuka cabe. Anchito sanaphunzitsidwe bwino kutulutsa anthu. Kunena zoona, kamtengo ka macisa kanangotsiriza nchito imene mphwayi zinayamba kale.

Pambuyo pake masitepe a matabwa anayamba kucotsedwa, ndipo King's Cross inakulitsidwa ndi maholo atsopano mu 2006 ndi 2009. Mmodzi mwa akufa aja anaikidwa m'manda wopanda dzina, ali ndi nambala cabe, 115. Anadziwika mu 2004: anali nkhalamba ya ku Scotland imene inalibe pokhala.