Za Miyala, Zimbale ndi Memole pa Malire a Milange

Chaka ndi chaka akuluakulu a makampani a ku America, ku Japan ndi ku China amaimirira pamaso pa khamu la atolankhani, nasolola m'thumba kachipangizo katsopano koimbira nyimbo, nakatamanda ndi mawu aulemerero. Koma mbiri imeneyi, pofika patsinde pa phiri la Tumbine, m'tauni ya Milange, kumene dziko la Mozambique lachita malire ndi Malawi pa chipata cha Muloza, imakhala itavula kale ulemerero wake wonse, ndipo chotsala ndi kanthu ka pulasitiki koyalidwa pa chiguduli, pakati pa maloko, matochi ndi malezala. Pamenepo wogula safunsa zimene anafunsa atolankhani aja. Amakanyamula, nakayesa kulemera kwake m'dzanja, nafunsa wogulitsa kuti, "Kodi achimwene, kameneka kamasunga moto?" Iye amene afuna kudziwa mmene zoimbira za m'manja zalandiridwira m'midzi ya kuno ayenera kutchera khutu pa mafunso otere, osati kuwerenga zolembedwa pa katoni, pakuti mawu amene anthu asankha kutchulira chinthu chachilendo ndiwo aulula chimene akufuna mwa icho.

Tiyambe tsono ndi motowo. Pamene boma la atsamunda ku Northern Rhodesia linafuna kuti anthu akuda azimva wailesi ya ku Lusaka, imene inkaulutsa mawu m'Chinyanja ndi m'zinenero zina, mkulu woona zofalitsa nkhani, Harry Franklin, anapangana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yotsika mtengo. Ndipo mu 1949 inatuluka ija anaitcha Saucepan Special, ya mapaundi asanu, imene inafalikira kufikira ku Nyasaland. Koma wailesi imeneyo inali ndi mnzake wosalekana naye, ndiye batire lalikulu lolemera, limene likatha mphamvu nyumba yonse inkagwa chete kufikira mwini wake atapeza ndalama ya lina. Kuyambira masiku amenewo nkhawa ya womvera siinasinthe. Mabatire obulungira amene anadza pambuyo pake makolo anawatcha miyala, pomwe ophunzira sukulu za Chipwitikizi amati pilhas. Ndipo aliyense amene anakula ndi wailesi ya Nzeru yopangidwa ku Blantyre, kapena ya Xirico imene inafalitsidwa m'masiku a Samora Machel ndi chithandizo cha dziko la East Germany, akumbukira mwambo woyanika miyala yofooka padzuwa, kuti madzulo ilankhuleko pang'ono pa nthawi ya nkhani ndi ya mauthenga a maliro. Lero miyala yachepa, ndipo pakamwa pa anthu pali kutchaja, tchaja, amene ena amati carregador, ndi sola. Amene alibe sola amatuma mwana ku kagolosale ka pamsewu, kumene mafoni amagona mondandalika pa thebulo, nalipira ndalama yochepa, ya kwacha kapena ya metical, popeza pamalire pano zonse ziwiri zimayenda. Mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy analowera kufupi ndi Quelimane, nagwetsa mapolo a magetsi, nakokolola milatho ndi midzi mozungulira phiri la Mulanje, chimene chinaoneka chamtengo sichinali foni yagalasi yofuna kutchajidwa tsiku ndi tsiku, koma kawailesi ka sola kokhala ndi tochi pamphumi.

Nanga nyimbozo zimakhala m'chiyani? Amuna amene anapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia ankabwerako ndi galamafoni yopukusa ndi dzanja, ndi kabokosi ka singano zachitsulo, ndi mbale zakuda zosachedwa kusweka, zozungulira ka 78 pa mphindi, zimene mbali imodzi inkanyamula nyimbo ya mphindi zitatu zokha. Idadza pambuyo pake gumbagumba, mfumu ya mitchezo ndi maukwati. Zonsezi zidapita, koma mbale ija idatisiyira dzina. Pakuti kufikira lero woimba akasonkhanitsa nyimbo khumi amati watulutsa chimbale, ngakhale nyimbozo sizinagonepo pa chinthu chilichonse chozungulira.

Kaseti ndiyo ndiyenera kuchedwapo, pakuti palibe choimbira china chimene chinakwatiwa bwino m'midzi yathu monga iyo. Kampani ya Philips ya ku Netherlands inaionetsa mu 1963, koma kuno inafika pachimake m'zaka za nkhondo ndi za pambuyo pake. Pamene asilikali a Renamo analanda Milange mu 1986, anthu miyandamiyanda anaolokera ku Mulanje, nakhala kumeneko kufikira pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992; ndipo pobwerera kwawo, pamodzi ndi mapoto ndi mabulangete, ananyamula makaseti a ku Malawi, ndi makutu ozolowera banjo ya Allan Namoko wa ku Thyolo, nyimbo za Alleluya Band ya ku Balaka, ndiponso mawu a Lucius Banda amene anali atangoyamba kumveka. Makaseti ambiri ankachokera ku sitolo ya O.G. Issa ku Limbe, nayenda pa njinga kufikira ku misika ya Limbuli ndi Milange. Ndi kaseti imeneyi munthu wamba anayamba kutepa, ndiko kudzitengera yekha nyimbo ya pa wailesi kapena ya mnzake, chinthu chimene galamafoni siinalole konse. Ndipo ukoma wake waukulu unali wakuti inkadwala poyera: wailesi ikadya tepi, munthu ankaisolola mofatsa, naiwongola ndi chala, naikulunganso ndi cholembera, ikaduka ankailumikiza, nataya mawu awiri atatu okha. CD, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1982, inafika kuno mochedwa ndipo siinakhalitse, popeza fumbi la mwezi wa Okutobala linali mdani wake. Inkakandika, niyamba kudumpha, ndipo panalibe sing'anga woichiza.

M'zaka zomwezo maiko a kutali anali kutsata njira ina. Mu Julayi 1979 kampani ya Sony inatulutsa Walkman, kachoimbira ka kaseti komverera m'makutu. Ndipo pa 23 Okutobala 2001 Steve Jobs wa kampani ya Apple anaonetsa iPod, yonyamula nyimbo 1,000, pa mtengo wa madola 399. Zonse ziwirizi zinagwedeza mizinda ya ku Ulaya ndi ku America, koma kuno sizinamere mizu, ndipo iPod inaleka kupangidwa mu 2022 anthu ambiri a ku Milange asanaigwirepo m'manja. Ena adzati chifukwa chake ndi mtengo, ndiponso kuti inkafuna kompyuta yoithirira nyimbo. Ndipo akunena zoona. Koma ine ndiyesa kuti pali chifukwa china chozama, ndicho chakuti zipangizo zimenezi zinapangidwira munthu wokwera sitima pakati pa alendo, wofuna kudzitchingira mpanda kuti asamve anzake, pomwe pa njira ya kumudzi palibe mlendo wotero. Mnyamata amene adutsa akuluakulu pabwalo atatseka makutu ndi mahedifoni, osamva moni, osapereka moni, sayesedwa wotsogola ayi, ayesedwa wamwano, ndipo amayi akumuitana kawiri osayankha adzamuuza kuti, "Iwe, chotsa zimenezo m'makutumo, ukulankhula ndi anthu." Nchifukwa chake chingwe cha mahedifoni m'nyumba zambiri chili ndi ntchito ina yosayembekezeka: mafoni ambiri sagwira FM popanda icho, choncho chimabayidwa kuti chikhale mlongoti, mawu nkumatulukira pa sipika kuti onse amve Rádio Thumbine, MBC kapena Zodiak.

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mlendo amene anamvetsa zosowa zathu sanachokere ku America, koma ku mafakitale a ku China. Iyeyu ndiye anabweretsa kawailesi kokhala ndi kabowo ka memole ndi ka fulashi, tochi kutsogolo ndi sola kumsana. Anabweretsanso foni yamabatani ya itel kapena Tecno, yolowa ma SIM awiri, chinthu chofunika kwambiri kwa munthu amene m'mawa ali pa Movitel kapena Vodacom, masana ali pa TNM kapena Airtel. Posachedwapa padadza sipika ya Bluetooth, imene mbali ino amaitcha coluna, ndipo ikakula nikhala ndi mawu ogunda pachifuwa imatchedwa sabuufa. Zimenezi mudzaziona zitamangiriridwa pa chiwongolero cha njinga yosenza matumba a chimanga ndi nandolo, pa thanki ya njinga yamoto ya kabaza, ndi pa nthambi ya mtengo m'mphepete mwa munda anthu akupalira. Maganizo anga pa zatsopanozi ndi osakanikirana. Ndizitamanda chifukwa zimamveka kwa onse, zimapirira kugwa, ndipo mtengo wake ngwotheka kwa mlimi atakolola; koma kasipika kake kamameza mawu apansi, kotero kuti kwaya ya amayi a Mvano imatuluka yopyapyala, ndipo ng'oma imangoti phaphapha. Manambala olembedwa pa katoni, onena za mphamvu ya sipika, musawakhulupirire msanga. Ngakhale memole yeniyeniyo ili ndi zachinyengo zake, zolembedwa kuti 32 GB pomwe m'kati muli malo ochepa, ndipo ikadzaza nyimbo zimayamba kusowa popanda chifukwa chooneka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa ndiyenera kumasulira mawu atatu amene achinyamata amawatchula kosalekeza, akuluakulu nangogwedeza mitu, ndiwo MP3, mega ndi giga. Akatswiri a ku Fraunhofer Institute ku Germany, pamodzi ndi anzawo a m'maiko ena, anatsata mfundo yakuti khutu la munthu silimva zonse zili m'nyimbo, popeza liwu laling'ono likamveka nthawi imodzi ndi lalikulu limamizidwa. Natero anakonza njira yotaya zosamvekazo, kotero kuti nyimbo imene pa CD imadya malo okwana mamega pafupifupi 10 pa mphindi imatsala ndi mega imodzi yokha. Njira imeneyi ndiyo inapatsidwa dzina lakuti MP3 mu 1995. Mega tsono ndi muyeso wa malo, ndipo mamega pafupifupi 1,000 apanga giga imodzi. Choncho memole ya magiga anayi, yochepa ngati chikhadabo, imanyamula nyimbo za mphindi zinayi pafupifupi 1,000, zimene pa galamafoni zikadafuna mbale zoposa mazana asanu ndi limodzi. Chosokoneza nchakuti muyeso womwewo ndi umene makampani a mafoni amagulitsira intaneti, imene ku Malawi amati bandulo, kuno nkumati megas. Ndiye mudzamva agogo akudandaula kuti mamega a m'memole atha, kuganiza kuti nyimbo zimaphwa ndi kumvera, pomwe a m'memole amadzaza, a bandulo ndiwo amatha. Ndipo popeza bandulo ndi yodula, anthu ambiri sadawuniloda okha, amapita kokabenetsa.

Kubena kunayamba m'masiku a CD, pamene kuwala kwa m'kompyuta kunkatenthadi chimbale polemba nyimbo, koma ntchitoyi yapitirira ngakhale tsopano palibe chotenthedwa. Wobena ndi mnyamata wokhala m'kanyumba ka matabwa kapena ka malata, ndi kompyuta yakale ndi sipika yaikulu pakhomo; ndipo mphamvu yake pa makutu a mudzi ndi yoposa imene anthu amaiganizira, pakuti ambiri satchula nyimbo imodziimodzi, amangoti, "Mundiikireko zauzimu, zachikale pang'ono, ndi za achinyamata za anawa." Iye ndiye asankha. M'memole imodzi amasanganiza makwaya a Katolika ndi a CCAP, nyimbo za ku Blantyre ndi ku Lusaka, marrabenta ndi pandza za ku Maputo, kizomba, ndi maulaliki. Ndipo kawirikawiri dzina la woimba limatayika m'njira, pa galasi nkumangooneka nambala. Pa kaseti panali chithunzi cha woimba ndi mayina a omuthandiza, ndipo mwana ankawerenga ali chimvetsere. Pa memole nyimbo ndi yamasiye. Ikafa memoleyo, monga zimachitira mosachenjeza, imapita ndi zonse tsiku limodzi, ndipo nyimbo zakale zimene wobena alibe m'kompyuta yake sizipezekanso m'mudzimo.

Woimbayo tsono adya chiyani? Ku Malawi bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, linkamata zizindikiro pa makaseti ovomerezeka, ndipo lamulo latsopano la mu 2016 linatsegula njira yakuti zipangizo zosungira nyimbo zizilipiridwa kandalama kogawira eni nyimbo. Ku Mozambique ntchito yoteteza alembi ndi oimba ili m'manja mwa SOMAS, imene likulu lake lili ku Maputo, kutali ndithu ndi Tumbine. Lamulo lililonse limalekeza pa mtsinje wa Muloza, pomwe memole imaoloka m'thumba la malaya popanda woifunsa chiphaso. Wantchito kumanidwa malipiro ake ndi chinthu choipa, ndipo sindichichepetsa. Komabe ndiyenera kunenanso mbali inayo: mnyamata wa kuno woimba m'Chilomwe, m'Chimarenje kapena m'Chichewa, amene wajambula nyimbo yake m'kachipinda kotchinga ndi mabulangete, alibe kampani yomugulitsira, ndipo wailesi zazikulu sizimudziwa. Iye amatenga nyimboyo yekha, naipereka kwa obena a pamsika kwaulere, nawapempha kuti aziithira m'memole ya aliyense wobwera, ngakhale asanaipemphe. Ndipo malipiro amene akuyembekeza ndi akuti, ikamveka pa makabaza a ku Limbuli ndi pa msewu wa ku Mocuba, wina adzamuitane kukaimba pa ukwati.