Mphero ya Yuji Horii: Mbiri ya Kupera m'Masewero a ku Japan

Mwana wa ku Japan amene adagula sewero la Dragon Quest m'mwezi wa Meyi chaka cha 1986, nalilowetsa m'kamakina ka Famicom kamene kadali patsinde pa wailesi ya kanema ya makolo ake, ankayamba ulendo ali chilili pamaso pa mfumu, m'manja mulibe chida, m'thumba muli ndalama 120 zokha zimene mfumuyo idamninkha. Potuluka kunja kwa linga ankaona nyumba ya mdani wake wamkulu kutsidya kwa madzi, pafupi ngati pakhomo pa mnansi, koma njira yokafika kumeneko idali ya masabata. Akagula kachibonga m'mudzi woyandikana nawo, ntchito yake idali kuzungulira m'thengo kufunafuna tizilombo tabuluu tonga dontho la madzi, totchedwa slime, timene tikaphedwa tinkapereka pointi imodzi yokha. Mapointi asanu ndi awiri ankamukweza kufika pamsinkhu wachiwiri. Msinkhu wotsiriza, wa 30, unkafuna mapointi 65,535. Akachita phuma nawoloka mlatho nthawi isanakwane, zilombo za tsidya linalo zinkamuthyola ngati bango.

Ntchito iyi yopha adani omwewomwewo mobwerezabwereza, kuti munthu akule mphamvu, a ku Japan amaitcha reberu age, ndiko kunena kukweza msinkhu, pamene Angerezi amati grinding, kutanthauza kupera. Dzinali lidakhoza, pakuti aliyense amene adagwadapo pamphero adziwa kuti mwala upita kutsogolo nubwerera, upita nubwerera, popanda chachilendo chilichonse, koma ufa uli kuwunjikana m'lichero. Ambiri lero amanyoza kupera kumeneku, nati ndi ulesi wa opanga masewero. Ine ndiona kuti pachiyambi kudali chifundo, ndipo mbiri yonse ya masewerowa ndiyo mbiri ya m'mene chifundocho chidasungidwira ndi ena, chidaiwalidwira ndi ena, ndi kugulitsidwa ndi enanso.

Mbewu yake idachokera ku America. Sewero la patebulo la Dungeons & Dragons, lotulutsidwa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson mu 1974, ndilo lidabweretsa mwambo wa mapointi ndi misinkhu; ndipo mu 1981 mwambowo udafalikira m'makompyuta kudzera mwa Wizardry ndi Ultima. Wizardry lidali sewero lopanda chisoni. Gulu lako likafera m'phanga, mitembo inkatsala komweko kufikira utatuma gulu lina kukaitola, ndipo ngakhale ukafika nayo kukachisi, mapemphero oukitsa ankatha kulephera, mtembo nusanduka phulusa, ndipo akalepheranso kachiwiri, msilikali amene udamlera masabata ambiri ankatayika kosatha. Anthu a ku Japan okhala ndi makompyuta adalikonda ndithu, koma adali owerengeka. Yuji Horii, wolemba nkhani m'magazini, ndi Koichi Nakamura, mnyamata wodziwa kulemba mapulogalamu, adaliona sewerolo mu 1983 pa chionetsero cha makompyuta ku San Francisco, kumene kampani ya Enix idawatumiza, ndipo adabwerako ndi funso limodzi: kodi chinthu chokoma chotere chingafike bwanji kwa mwana wa kupulayimale?

Masewero a Famicom a nthawi imeneyo, monga Super Mario Bros. la mu 1985, ankafuna zala zachangu, kotero kuti wobadwa ndi manja olemera ankathera pakhomo lomwelo chaka chonse. Horii adakonza kuti m'sewero lake la Dragon Quest munthu akafa asataye mapointi ake, koma adzuke pamaso pa mfumu, alandire chidzudzulo, ataye theka la ndalama zake, nayambenso ali ndi mphamvu zonse zimene adazikhetsera thukuta. Potero palibe ola limene linkapita pachabe. Wochenjera ankawoloka mlatho msanga ndi nzeru zake. Wosachenjera ankazungulira m'thengo madzulo ena awiri, nawoloka yemwe. Akulu adati kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa. Horii adatenga choonadi chimenechi nachisandutsa lamulo la makina, kuti chitseko chimene chidatsekedwa kwa opanda luso chitsegukire akhama.

Khamalo silinkathera pa kanema pokha. Katiriji yoyamba ija idalibe posungira ulendo, choncho mwana akafuna kukagona ankapita kwa mfumu, imene inkamupatsa mawu achinsinsi a zilembo 20 za hiragana, otchedwa fukkatsu no jumon, mawu oukitsira. Ankawakopera m'kope ndi pensulo, maso ali pagalasi losaoneka bwino la wailesi za masiku amenewo, pomwe chilembo cha nu ndi cha me zimafanana ngati mapasa. Akaphonya kamchira kamodzi, m'mawa mwake makina ankamukana, ndipo ntchito ya dzulo lonse inkapita ndi mphepo. M'gawo lachiwiri, la mu 1987, zilembozo zidafika mpaka 52. Ana ena ankakopera kawiri, ena ankaitana mlongo wawo kuti awerenge mofuula iwo akulemba.

Tisabise kuti padalinso chifukwa cha ndalama. Sewero lonse loyamba lidapanikizidwa m'makilobaiti 64, malo osakwana ngakhale chithunzi chimodzi cha pafoni ya lero, pamene mtengo wake udali mayeni 5,500. Ndipo popeza lamulo la ku Japan silinkalola kubwereketsa masewero m'masitolo popanda chilolezo cha eni ake, kholo logula linkayembekeza kuti mwana akhala nacho chinthucho nyengo yaitali. Dziko laling'ono linkatalikitsidwa ndi nkhondo zogwa mwadzidzidzi pamapazi angapo alionse. Apa ndi pamene chifundo chidayamba kusanganikirana ndi malonda, ndipo pamene opanga adachita changu, osewera ndiwo adalira. Chigawo chotsiriza cha Dragon Quest II sichidayesedwe mokwanira chifukwa nthawi idawathera, ndipo phanga lopita ku Rhone, lodzala ndi mbuna zosaoneka ndi njira zobwerera pomwe wachokera, likumbukiridwa mpaka lero ngati chigwa cha misozi. Wotulukamo wamoyo ankafika pachipale chofewa pomwe mdani mmodzi ankatha kupha gulu lonse ndi themberero limodzi. Komabe anthu sadafooke. Gawo lachitatu litatuluka pa 10 Febuluwale 1988, lili ndi batire losungira ulendo, mizere idazinga masitolo a ku Tokyo, ana ambiri nathawa sukulu tsiku limenelo.

Kampani ya Square, imene idatulutsa Final Fantasy ya Hironobu Sakaguchi mu Disembala 1987, idali yosakhazikika mtima, yokonda kuyesa zatsopano. M'gawo lachiwiri, la mu 1988, idachotsa misinkhu, niika lamulo lakuti chimene uchigwiritsa ntchito ndicho chikula, ndipo womenyedwa kwambiri ndiye alimba thupi. Osewera atazindikira zimenezi adayamba kukantha anzawo a m'gulu lomwe, mdani ali chiimire kuyang'ana. M'gawo lachitatu, la mu 1990, kuyambira pansanja ya Crystal Tower kufikira mdani wotsiriza padalibe posungira, kotero kuti maola athunthu ankatha kufafanizika m'kamphindi. Gawo lachinayi, la mu 1991, ndilo lidakonza zambiri: lidaika malo osungira m'kati mwa mapanga, ndipo Hiroyuki Ito adapanga nkhondo yoyenda ndi nthawi, yakuti ukazengereza mdani akukantha osadikira. Koma a Square ankayesa anthu a ku America ngati makanda osayenera chakudya chotafuna. Adawafewetsera gawo lachinayilo, nawapangira Mystic Quest mu 1992, ndipo gawo lachisanu adawamana kufikira 1999.

Zaka za pakati pa 1994 ndi 1996 ndizo ndizilemekeza koposa, chifukwa amisiri a nthawi imeneyo adafunsa funso loyenera, lakuti nkhondo iyi ikumphunzitsa chiyani wosewera. Mu Mother 2, sewero la Shigesato Itoi la mu 1994, adani ankaoneka poyera m'misewu, ndipo ukakula mphamvu kuwaposa kutali, kungowakhudza kunkakwanira: kanema ankang'anima, mapointi nalowa, iwe nupitiriza ulendo. Ukagonjetsa mwini phanga, tizilombo take tinkakuthawa pobwerera, ndipo mtima unkadziwa popanda wokuuza kuti wakula. Chrono Trigger ya mu 1995 idaika adani pamalo osankhidwa bwino, kotero kuti woyenda njira yake mosapatuka ankafika kwa mdani wamkulu ali ndi mphamvu zokwanira ndendende. Suikoden ya Konami, ya chaka chomwecho, inkapatsa wofooka mapointi ochuluka ndi wamphamvu ochepa, kuti wotsalira afike msanga pa anzake, ndi kuti wofuna kupera mopitirira aone yekha kuti mphero yaleka kutulutsa ufa. Njira ina, imene Final Fantasy VIII idatsata mu 1999, yakuti adani azikula pamodzi ndi iwe, sindiivomera, pakuti imathyola pangano lija la Horii: munthu alima tsiku lonse, ndipo potembenuka apeza munda watalika molingana ndi mizere imene walima.

Zimbale zitalowa m'malo mwa makatiriji, njala ya malo idatha, koma padabuka vuto la kukhuta. Final Fantasy VII ya mu 1997 idadza pa zimbale zitatu, ndipo matsenga ake ena ankatenga mphindi yathunthu ndi kupitirira ukungoyang'ana. Dragon Quest VII ya mu 2000 inkayendetsa munthu maola awiri kapena atatu asanasolole lupanga, ndipo ulendo wonse unkafika maola 100. Final Fantasy XIII ya mu 2009 idamuyendetsa m'mpita wopanda mphambano kufikira chaputala 11. Pambali pake padakula mtundu wa osewera okonda kupera chifukwa cha kupera komweko, chimene a ku Japan amachitcha yarikomi. Disgaea ya mu 2003 idawapatsa misinkhu 9,999. Amenewa sindiwadzudzula, chifukwa adasankha okha, ndipo pali mpumulo weniweni m'ntchito yobwerezabwereza, monga adziwira woluka mphasa madzulo.

Chimene chindiwawa mtima ndi chimene chidadza ndi intaneti ndi mafoni. M'masewero olipira mwezi ndi mwezi, kutalika kwa njira kudasanduka phindu la mwini sewero. Mu Final Fantasy XI, imene idayamba mu 2002, womwalira ankataya mapointi, mwina mpaka kutsika msinkhu. Ndipo mu 2008 gulu lina lidalimbana ndi chilombo chotchedwa Pandemonium Warden maola 18, kufikira ena adayamba kudwala, nalekera pomwepo osachigonjetsa. Mbiriyo itawanda, kampani yopanga sewerolo, Square Enix, idachifooketsa niika malire a maola awiri. Pafoni zidanyanya. Masewero onga Puzzle & Dragons a mu 2012 adaika muyeso wa nyonga umene umatha ukasewera, kuti udikire kapena ulipire; ndipo chaka chomwecho boma la Japan lidaletsa kompu gacha, mtundu wa maere umene unkadyera anthu ndalama zambiri pofuna kukwaniritsa gulu la zithunzi. Mphero imene idaikidwa kuti wofooka apeze ufa idalemeretsedwa dala, kuti wotopa agule mpumulo.

Komabe otsala okhulupirika sadasowe. Kampani ya Atlus, mu Shin Megami Tensei III ya mu 2003, idakonza nkhondo yakuti wolasa mdani pofooka pake apatsidwa mpata wina, ndipo wophonya alandidwa mipata yake, kotero kuti msinkhu wokha sungapulumutse wosalingalira. FromSoftware, pansi pa Hidetaka Miyazaki, idatulutsa Demon's Souls mu 2009 ndi Dark Souls mu 2011, masewero amene dziko lonse liwatcha ankhanza. Koma woyang'anitsitsa aona magazi a Horii m'mitsempha yawo: ukafa, chuma chako chitsala pomwe wagwera, upatsidwa mwayi umodzi wokachitola, zida ndi misinkhu yako zikhala nawe, ndipo amene zala zake zilephera ali ndi ufulu wobwerera kukapera kufikira atalimba.

Tsono ana aja a mu 1986 adakula, nakhala ndi ntchito, mabanja ndi sitima zoti akwere m'mamawa, ndipo opanga masewero adayamba kuwabwezera ulamuliro pa nthawi yawo. Bravely Default, m'kope lake lokonzedwanso la mu 2013, idalola wosewera kuchulukitsa nkhondo zamwadzidzidzi kapena kuzizimitsiratu. Final Fantasy XII itatulukanso mu 2017 idabwera ndi batani lothamangitsa zonse kawiri kapena kanayi, ndipo magawo asanu ndi limodzi oyamba a Final Fantasy, atafika pa Switch ndi PlayStation 4 mu 2023, adalola kuchulukitsa mapointi kanayi. Mu Novembala 2024, Horii ali ndi zaka 70, ndipo Akira Toriyama amene adajambula slime uja atamwalira m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho, Dragon Quest III idatulukanso m'chovala chatsopano, ili ndi njira zitatu zosankha, yofewetsetsa yake yakuti munthu safa konse. Bambo amene adathawa sukulu mu 1988 angathe tsopano kupatsa mwana wake njira yofewayo, iye nasankha yolimba. Onse awiri, akafika kumalo kumene kumakhala slime wachitsulo, kachilombo konyezimira kosalowa lupanga, kodzala ndi mapointi, kamene kadayamba kuthawa osewera mu 1986, amaima nazungulirazungulira pomwepo, mpweya uli m'khosi, kudikira kuti kaoneke ndi kupempha kuti ulendo uno kachedwe kuthawa.