Mbiri ya Gitala Lamagetsi ndi Ngozi Zake

Pa 3 May, 1972, gulu loimba la Stone the Crows lidakwera pa nsanja mumzinda wa Swansea ku Wales. Woimba gitala wa gululi, Les Harvey, mnyamata wa zaka 27, adagwira maikolofoni uku dzanja lina lili pa nsambo za gitala lake. Pomwepo nyesi ya magetsi idamugwira, ndipo adamwalira. Kuti timvetse chimene chidachitika tsiku limenelo, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zambiri ndithu.

Kalelo gitala lidali chida cha mawu otsika. Likamaimbidwa pamodzi ndi malipenga ndi ng'oma silinkamveka konse. M'chaka cha 1831 Michael Faraday wa ku England adapeza kuti maginito ndi waya zikamasunthirana, mu wayamo mumayenda magetsi. Patapita zaka 100, George Beauchamp ndi Adolph Rickenbacker a ku Los Angeles adagwiritsa ntchito nzeru imeneyi. Iwo adaika maginito wokulungidwa ndi waya pansi pa nsambo zachitsulo, kotero kuti nsambo ikanjenjemera inkabala timagetsi tochepa kwambiri. Timagetsi timeneti sitingamveke patokha. Tifunika ampulifaya yotikuza, ndipo ampulifaya imadya magetsi a pa soketi. Leo Fender adayamba kampani yake ku California mu 1946, Jim Marshall naye adayamba kupanga maampulifaya ku London mu 1962. Kuyambira pamenepo woimba gitala adakhala womangirizidwa ndi nthambo ku magetsi a m'nyumba.

Tsono magetsi amayenda bwanji? Tiyerekeze ndi madzi a mumpopi. Mphamvu yokankha madzi ndiyo mavolti, dzina lochokera kwa Alessandro Volta amene adapanga batire loyamba mu 1800. Kuchuluka kwa madzi oyendawo ndiwo maampeya. Kupapatiza kwa paipi ndiko kukana kwa chinthu kuti magetsi asadutsemo, ndipo kumayezedwa ndi maohm. Georg Ohm wa ku Germany adaonetsa mu 1827 kuti tikagawa mavolti ndi maohm timapeza maampeya. Masamu amenewa amaoneka ngati a m'kalasi chabe, komatu ndiwo amene amasiyanitsa wopulumuka ndi wakufa. Khungu louma limakana magetsi kwambiri. Thupi lonyowa ndi thukuta limatsika mpaka maohm 1,000 kapena cha pamenepo. Gawani mavolti 230 ndi 1,000, mupeza pafupifupi kota ya ampeya imodzi. Chonsecho gawo limodzi mwa magawo 10 a ampeya, likadutsa pachifuwa, likhoza kusokoneza kugunda kwa mtima. Ndipo ndani amatuluka thukuta kuposa woimba amene waima pansi pa nyale zotentha kwa maola awiri?

Pali chinthu china chimene oonerera sachidziwa. M'kati mwa gitala muli kawaya kolumikiza nsambo ku chitsulo cha ampulifaya, ndipo ntchito yake ndi kuchepetsa kulira kosafunika kuja kwa "mmmm" m'masipika. Choncho wogwira nsambo wagwiranso thupi la ampulifaya. Zonse zikakhala bwino, palibe vuto. Koma waya wamoto akakhudza chitsulocho, kapena makina a maikolofoni akakhala ndi vuto lotero, magetsi amafuna njira yopitira pansi. Woimba akagwira zonse ziwiri, iyeyo ndiye amasanduka mlatho, ndipo magetsi amalowera dzanja ili nkutulukira linalo kudzera pamtima.

Maampulifaya ambiri akale a ku America adali ndi pulagi ya mano awiri okha, yopanda waya wa earth, amene ntchito yake ndi kutaya magetsi osochera m'nthaka. Keith Richards wa gulu la Rolling Stones adakomoka pa nsanja ku Sacramento mu December 1965 gitala lake litakhudza maikolofoni. Iye adachita mwayi. Keith Relf, amene kale ankaimba m'gulu la Yardbirds, adalibe mwayi wotero: adafa mu 1976 ali ndi zaka 33, akuimba gitala m'nyumba mwake momwe. Chomvetsa chisoni nchakuti oimba ena ankachotsa okha waya wa earth pofuna kuthetsa kulira kwa masipika kuja. Kulirako kunkathadi, koma njira yotayira magetsi osochera inkatsala imodzi yokha, ndiyo thupi la mwini gitala.

Chitetezo chidabwera pang'onopang'ono. Mu 1947 dziko la Britain lidakhazikitsa pulagi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi m'kati, yomweyi imene timagwiritsa ntchito ku Malawi ndi ku Zambia. Dzino lalitali lija ndilo la earth, ndipo adalitalikitsa dala kuti lizilowa loyamba ndi kutuluka lomaliza. Koma fyuzi ya maampeya 13 idapangidwira kuteteza nthambo kuti isayake moto. Magetsi okwana kupha munthu ndi ochepa kwambiri, fyuziyo siwamva nkomwe. Yankho lidachokera kumigodi ya golide ya ku Joni, kumene makolo athu ambiri adakagwirako ntchito. Kumeneko, m'zaka za m'ma 1950, injiniya Henri Rubin adakonza chipangizo chozimitsa magetsi chikangozindikira kuti ena athawira pansi. Charles Dalziel wa ku California adakonza china chotere mu 1961. Zipangizo za mtundu umenewu, zotchedwa RCD, zimayerekeza magetsi opita ndi obwerera, ndipo zambiri zimazimitsa kusiyanako kukafika magawo 30 mwa magawo 1,000 a ampeya, sekondi isadathe nkomwe.

Ngakhale zili choncho, ampulifaya ya mavavu imasungabe ukali wake. M'kati mwake mumakhala mavolti oposa 400, ndipo tizipangizo tina timasunga mphamvuyo ngakhale pulagi yazulidwa kale, nchifukwa chake amisiri amayamba aitaya asadapise dzanja. Palinso nkhani ya kusiyana kwa maiko. Magetsi a ku America ndi a mavolti 120, pamene athu kuno ndi a 230. Ampulifaya yogulidwa ku Chicago ikalumikizidwa ku soketi ya ku Blantyre popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu, kawirikawiri imapsa woimba asadakhudze nkomwe nsambo.