Akulu a Mpingo pa Mapulazi a ku Mashonaland

M'chaka cha 1912 Mbusa T.C.B. Vlok, amene anayamba ntchito ya Mishoni pa Mvera pamodzi ndi Mbusa A.C. Murray mu 1889, anafika ku Salisbury kudzaŵeta Akristu ochokera ku Nyasaland. Nkhosa zake sizinali m'khola limodzi ai. Zina zinali m'tauni ndi ku migodi, koma zambiri zinabalalika pa mapulazi, ndiyo minda ikuluikulu ya Azungu ya fodya ndi chimanga, ku Mazoe, Bindura, Sinoia ndi Marandellas.

Mbusa mmodzi sakanatha kufika pa komboni iliyonse. Pakati pa Mgonero ndi Mgonero unzake pankapita miyezi, koma maliro, milandu ya maukwati ndi nkhani za Akristu obwerera ku gule sizinkadikira. Chifukwa chake katundu anagwera alaliki ndi akulu a mpingo, anthu amene ambiri a iwo ankakhala m'munda mwa bwana tsiku lonse.

Apa dongosolo la Chipresbiteriyo linaonetsa mphamvu yake. M'bwalo la akulu a mpingo mbusa salamula ngati kapitao; mlandu umakambidwa, aliyense napereka maganizo ake, ndipo chigamulo chimakhala cha onse. Mkulu wozoloŵera kufunsidwa chimene Malembo ndi Zolamulira zinena pa nkhaniyo amaphunzira kuyeza zinthu yekha. Koma wongolandira mayankho amasoŵa chonena tsiku limene mbusa ali kutali. Nzeru yake ndi yomwe ija Yetero anapatsa Mose m'chipululu: nkhani zazing'ono ziweruzidwe ndi anthu okhulupirika, zazikulu zokha zifike kwa mtsogoleri.

Zipatso zinaoneka. Mu 1965 mipingo ya ku Rhodesia, imene inali pansi pa Sinodi wa Nkhoma, inakhala Sinodi wa Salisbury, wachinayi mu C.C.A.P., amene pambuyo pa ufulu wa Zimbabwe wa 1980 anatchedwa Sinodi wa Harare.

Mayeso aakulu anadza mu 2000, pamene mapulazi anayamba kulandidwa ndi kugaŵidwa. Antchito ambiri a makolo a ku Malaŵi anataya ntchito ndi pokhala pomwe, pakuti analibe mudzi wobwererako m'dzikomo. Nkhosa zinabalalikanso, ndipo panafunikanso akulu otha kusonkhanitsa anzao osayembekeza kuuzidwa.

Mbiri imeneyi ifunsa mbusa aliyense: kodi akulu ake adzatha kuima okha iye atasamutsidwa? Mutu umodzi susenza denga.