Makwerero Onka Nachepa: Robert Serpell ndi Sukulu za Kumudzi

Pamene Robert Serpell anafika ku Lusaka m'chaka cha 1965, dziko la Zambia linali litangolandira ufulu, ndipo boma linali pa kalikiliki kumanga sukulu. Iye anaphunzira za maganizo a munthu, koma funso limene analimbana nalo pa Yunivesite ya Zambia, kumene pambuyo pake anakhala mkulu woyendetsa yunivesiteyo kuyambira 2003 mpaka 2006, ndi lija la akatswiri a kakhalidwe ka anthu: n'chifukwa ninji sukulu imakweza ana owerengeka ndi kusiya ochuluka pansi?

Mu 1973 anayamba kafukufuku m'midzi ya Achewa m'boma la Katete. Anafunsa akuluakulu kuti mwa ana a m'mudzimo ndani amene angamtume ntchito yakutiyakuti, ndi chifukwa chake. Mayankho anaonetsa kuti kwa Achewa nzeru si kuchenjera kokha ayi. Mwana wanzeru ndiye womva, wokhulupirika, wotumikira. Ife aphunzitsi a chinenero tingati zimenezi zinali kale m'mawu athu, chinasowa ndi wozilemba. Anawo anawatsata kufikira atakula, ndipo mbiri zawo zili m'buku lake la 1993, The Significance of Schooling.

Serpell anayerekeza sukulu ndi makwerero amene amanka nachepa pamene munthu akukwera. Popanikiza penipeni panali pa mayeso a Giredi 7, pakuti malo ku sekondale anali ochepa kwambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri mwa otsalawo anadziimba mlandu okha nati analibe nzeru, chikhalirecho chimene chinaperewera ndi malo. Wokhozayo naye kupambana kwake kunayesedwa ndi kuchoka pamudzi, kotero kuti mudzi unalera ana ake akhama kuti akapindulitse tauni.

Pamenepa mpamene chinenero chinalekanitsa olemera ndi osauka. Kuyambira 1966 lamulo linati ana aphunzire m'Chingerezi kuchokera Giredi 1. Mwana wa kalaliki ku Chipata ankachimvako kunyumba. Mwana wa mlimi anakumana nacho pakhomo la kalasi.

Komabe Katete ali kumtunda, kumene Chichewa ndicho chinenero cha pabwalo. Tikatsikira m'chigwa cha Luangwa, ku Kawaza m'boma la Mambwe, tipeza khwerero lina limene ana a ku Katete sanalione. Kumeneko ndi kwa Akunda. Pamene boma linalamula mu 2014 kuti Giredi 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'zinenero za m'zigawo, Chigawo cha Kum'mawa chinapatsidwa Chinyanja. Mwana wa ku Kawaza, woyamwa Chikunda, anayenera kuyamba wazolowera Chinyanja cha m'mabuku, kenaka Chingerezi cha mayeso. Ndipo ntchito zamalipiro zimene amaziona pafupi, monga kuperekeza alendo odzaona nyama ku South Luangwa, zimafuna Chingerezi chomwecho.