Ziganizo za Chingerezi m'Kalankhulidwe ka ku Petauke ndi Nyimba

Maboma a Petauke ndi Nyimba, omwe ali m'mbali mwa msewu wa Great East Road m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia, ndi kwawo kwa Ansenga, koma mwana wokulira kumeneko amakumana ndi zilankhulo zitatu: Chinsenga cha pakhomo, Chinyanja chomwe ndi chimodzi mwa zilankhulo 7 zimene boma linavomereza m'sukulu ndi pa wailesi, ndi Chingerezi cha m'maofesi. Kuchokera mu 1966 ana ankaphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira giredi 1, ndipo pamene boma linabwezeretsa zilankhulo za m'dziko m'magiredi 1 mpaka 4 mu 2014, chimene chinalowa m'makalasi a maderawa chinali Chinyanja, osati Chinsenga.

Chingerezi chimalowa m'kalankhulidwe makamaka pa nkhani za kuwerengera ndi za boma, ndipo kawirikawiri chimalowa ngati chiganizo chathunthu chosagawika. Mayi wogulitsa nthochi pa Nyimba, ngakhale sanapite patali ndi sukulu, amatchula mtengo kuti "ten kwacha", ndipo nthawi ya basi yopita ku Lusaka imanenedwa kuti "zero six hours" kapena "fifteen hours", poti anthu a ku Zambia amawerenga maola 24 pa tsiku m'malo mogawa m'mawa ndi madzulo. Aneni, omwe ndi mawu osonyeza chochitika, amatsata njira ziwiri: ena amavala mphatikiram'mbuyo ndi mphatikiramtsogolo za Chinyanja, monga "kusaina" ndi "anavotera", pamene ena amasiyidwa osasinthika pambuyo pa mneni "kuchita", monga "kuchita apply". M'makalata opita ku khonsolo kapena kwa mphunzitsi wamkulu, mawu oyambira ndi otsekera, monga "Dear Sir" ndi "Yours faithfully", amalowezedwa kusukulu ndipo sasintha.

Chochititsa chidwi kwambiri ndi chakuti Chingerezicho chimatenganso kaumbidwe ka zilankhulo za kumeneko, makamaka pa ulemu. Mlendo akamva munthu akunena kuti "I am coming" uku akutuluka m'nyumba amadabwa, koma chiganizocho chaumbidwa pa "ndikubwera", lomwe ndi lonjezo lakuti wochokayo sachedwa. "I am asking for water" ndi pempho laulemu lochokera ku "ndikupempha madzi", "sorry" amanenedwa kwa munthu amene wapunthwa ngakhale wonenayo sanalakwe, monga mmene "pepani" amagwirira ntchito, ndipo "borrow me" amabwera chifukwa tsinde limodzi la "-bwereka" limatumikira wopereka ndi wolandira yemwe. Mwana angathenso kunena za bambo ake kuti "they are sleeping", posafuna kutchula munthu wamkulu ngati mmodzi. Aphunzitsi amachonga zina mwa ziganizozi ngati zolakwa pa mayeso, ndipo ali ndi chifukwa chake, komabe pamaliro kapena pabwalo la milandu la mfumu, Chingerezi chopanda ulemu wotere chimamveka chamwano.