Mafunso ndi Mayankho: Kodi ayodini analowa bwanji mu mchere?

FUNSO: Kuno ku Bindura pansi ponse ndi chuma. Agogo athu anachoka ku Nyasaland kudzakumba migodi yomweyi. Nanga bwanji pa paketi ya mchere amalemba kuti athiramo ayodini, ngati kuti nthaka yolemera chonchi ikupereweranso kanthu? Zinayamba liti zimenezi? Ndine mdzukulu wa mchona, ku Chipadze.

YANKHO: Zoona, Bindura ndi tauni yomera pa mgodi. Inayamba ndi golide wa ku Kimberley Reefs mu 1901, dzina la Bindura n'kudzabwera mu 1913 njanji itafika. Pambuyo pake kunatchuka mgodi wa Trojan ndi nikelo wake, kenaka wa Freda Rebecca ndi golide. Koma golide alibe ntchito m'thupi la munthu, ndipo palibe dokotala amene amalembera wodwala nikelo. Michere imene thupi limafuna ndi ina: ayodini, ayironi, zinki, kasiyamu ndi inzake, ndipo imafika kudzera m'mbale.

Ayodini ndi wa kunyanja yamchere. Kwa zaka zosawerengeka mvula yakhala ikumukokolola m'nthaka ya kumtunda n'kukamutaya kunyanja, choncho chimanga ndi ndiwo zolimidwa m'mapiri a Mashonaland zimakhala naye wochepa kwambiri. Kapenta wa ku Kariba kapena usipa wa ku Nyanja ya Malawi sangafanane pa ayodini ndi nsomba za m'nyanja yamchere. Munthu wamkulu amafuna mamaikulogalamu 150 okha patsiku, mayi woyembekezera 250, kanthu kosaoneka n'komwe ndi maso. Kakasowa, chithokomiro chimatupa pakhosi poyesetsa kugwira kochepa komwe kalipo. Choopsa kwambiri sichioneka pakhosi ayi: mwana amene anasowa ayodini ali m'mimba, ubongo wake sukula mokwanira.

Anatulukira ayodini ndi Bernard Courtois wa ku France mu 1811, ndipo sankafuna mankhwala. Ankapanga zopangira onga wa mfuti pa nthawi ya nkhondo za Napoleon, akumasungunula phulusa la ndere za kunyanja monga amachitira amayi pocheza chidulo. Tsiku lina atathira asidi wambiri, panafuka nthunzi yofiirira. Mu 1820 dokotala wa ku Geneva, Jean-François Coindet, anayamba kuchiza chithokomiro ndi chinthu chatsopanocho. Panapita zaka pafupifupi 100 kuti wofufuza David Marine aonetse, pa atsikana a sukulu a ku Akron ku America kuyambira mu 1917, kuti ayodini amatetezanso matendawa asanayambe. Switzerland inayamba kumuthira mu mchere mu 1922, ndipo dera la Michigan linatsatira mu 1924. Anasankha mchere chifukwa aliyense amadya, wolemera ndi wosauka yemwe, ndipo palibe amene amadya mbale yathunthu.

Ku Zimbabwe kafukufuku wa dziko lonse wa mu 1988 anapeza chithokomiro chotupa pa ana asukulu oposa 40 mwa 100 alionse. Lamulo lokakamiza kuti mchere wonse wodyedwa ndi anthu ukhale wa ayodini linabwera mu 1995. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti m'zaka zoyambirira za mchere wa ayodini, mchere wina unkabwera ndi ayodini wopyola muyeso. Madokotala ku Harare anaona odwala akuchuluka amene chithokomiro chawo chinkagwira ntchito mothamanga: mtima kugunda kwambiri, thukuta, kuwonda. Ambiri anali achikulire amene anakhala ndi chotupacho zaka zambiri. Nkhaniyi inatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1995, ndipo pambuyo pake mlingo unatsitsidwa. Ena amatenga nkhaniyi ngati chifukwa chokanira mchere wa ayodini. Akulakwitsa, pakuti vuto linali pa kayezedwe, ndipo chithokomiro chotupa chinachepa kwambiri m'dzikomo kuchokera nthawi imeneyo.

FUNSO: Akuti mowa wamasese umawonjezera magazi. Mawu amenewa anachokera kuti?

YANKHO: Muli kachoonadi pang'ono, koma koika moyo pachiswe. Makolo ankafulula mowa m'mbiya zadothi. Migodi ndi mafamu zitabweretsa migolo yachitsulo, ofulula m'makomboni ndi m'midzi anaikonda chifukwa ndi yaikulu ndiponso siisweka. Mowa ukamasasa umadya chitsulo cha mgolowo, ndipo womwa amameza ayironi wochuluka zedi.

Thupi la munthu wamkulu limasunga magalamu atatu kapena anayi a ayironi, ambiri mwa iwo m'magazi, ndipo lilibe njira yeniyeni yotayira wotsala. Amangounjikana m'chiwindi mpaka kuchiwononga. Dokotala wina, A. S. Strachan, anafotokoza zimenezi mu 1929 atapima mitembo ku Johannesburg. Victor Gordeuk ndi anzake, amene anafufuza mabanja kuno kum'mwera kwa Africa kuphatikizapo ku Zimbabwe, analemba mu 1992 kuti chibadwa cha munthu chimathandizirapo, n'chifukwa chake anthu awiri omwera chipanda chimodzi sadwala mofanana.

Chodabwitsa n'chakuti m'nyumba yomweyo momwe bambo ali ndi ayironi wosefukira, mayi woyembekezera ndi mwana woyamba kukwawa amatha kukhala operewera magazi. Iwowa chowathandiza ndi chiwindi, nyama, kapenta, nyemba, bonongwe ndi nkhwani. Tomato, bwemba kapena malambe zimathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'masamba, pamene tiyi womwera pa chakudya amatsekereza.

FUNSO: Nanga amayi oyembekezera amene amadya dothi, si ndiye kuti akupezamo michereyo?

YANKHO: Chilakolako cha dothi nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi, koma dothilo silichiza. Dongo limatha kugwira ayironi ndi zinki m'matumbo kuti thupi lisayamwe, ndipo limabwera ndi mazira a njoka zam'mimba. Ku dera la migodi kuli choopsa china. Makorokoza, anthu okumba golide paokha, a m'chigwa cha Mazowe amagwiritsa ntchito mekyule pogwira golide, ndipo milu ya zotsalira za m'migodi ya golide imatha kukhala ndi aseniki. Mayi amene akulakalaka dothi apite kusikelo akayezetse magazi, akalandire mapilitsi a ayironi.

Pofuna kuthana ndi kuperewera kwa michere, kuyambira pa 1 July 2017 boma la Zimbabwe linalamula makampani kuti azithira ayironi, zinki ndi mavitamini mu ufa wa chimanga ndi wa tirigu. Ufa wogayitsa nokha pachigayo ulibe zimenezi, choncho banja lodya za m'munda mwake lisamale kwambiri za ndiwo. Mchere wa ayodini uja muziusunga m'chitini chotseka bwino, kutali ndi moto ndi chinyezi, chifukwa ayodini amauluka.